Mwana wobweza mawu pa kanema: amamulembera ndani, ndipo timasekeranji?

Tsiku lina ndinaona kamtsikana ka zaka zisanu katauzidwa kuti kazimitse katuni kakagone. Sikanalire ndipo sikanathawe. Kanangoika dzanja m'chiuno, n'kupendeketsa mutu, n'kufunsa mayi ake kuti: "Nanga inuyo mukagona nthawi yanji?" Tonse amene tinali pabalazapo tinafa nako kuseka. Mayiwo anasekanso, koma pasanathe mphindi nkhope inasintha. "Iwe, zimenezi wazitenga kuti?" Kamwanako kanaloza pa TV.

Mkangano wa ana a m'makatuni ndi m'masewero a pa kanema umabuka pafupipafupi pakati pa makolo. Mu Januwale 2021, wailesi ya kanema ya PBS ku America italengeza kuti yasiya kuonetsa katuni ya Caillou, makolo ambiri anadzaza masamba a mchezo ndi chisangalalo ngati achotsedwa minga kuphazi. Ena amati ana a pa kanemawa ndi amene akuphunzitsa mwano m'nyumba. Ena amati ana akhala akubweza mawu chiyambire, kanema asanabwere. Kuti mkanganowu umveke bwino, pafunika kudziwa kaye kuti mwana ameneyu ndi wotani, anachokera kuti, ndipo amapangidwa bwanji.

Si mwana wosamva aliyense

M'nkhani zopeka muli ana ovuta a mitundu ingapo, ndipo anthu amakonda kuwaika m'thumba limodzi. Pali wopulupudza, amene chida chake ndi manja: amaswa zenera, amabisa nsapato za aphunzitsi, amatchera msampha pakhomo. Pali wolira ndi wonyanyala, amene akakanizidwa chinthu amadzigwetsa pansi. Caillou uja ankadandaulidwa chifukwa cha zimenezi. Ndiye pali wachitatu, amene tikunena pano, yemwe chida chake ndi pakamwa. Ameneyu sathawa akadzudzulidwa. Amaima pomwepo n'kubweza yankho lakuthwa, lofulumira, ndipo nthawi zambiri lokhala ndi choonadi pang'ono chimene wamkulu sakanafuna kuti chitchulidwe.

Pa Chingerezi khalidweli amalitcha sass, ndipo mwana wake amati ndi sassy. Mawuwa anachokera ku liwu lotanthauza msuzi, ngati kunena kuti zoyankhula zake zathiridwa zokometsera zoyabwa lilime. Si mwano weniweni wotukwana, komanso si ulemu. Lili pakati, pamalo pamene wamkulu amasowa chochita: akalipe kapena aseke?

Pamalire amenewa m'pamene alembi amapezerapo ntchito.

Wakhalapo kalekale

Anthu ambiri amaganiza kuti mwana wotereyu anabwera ndi wailesi ya kanema, koma mizu yake ili m'mabuku. M'nthano ya Hans Christian Andersen ya mu 1837, mfumu inanamizidwa kuti yavala nsalu yokongola pomwe inalibe kanthu m'thupi, ndipo akuluakulu onse anakhala chete poopa kuoneka opusa. Amene ananena poyera kuti mfumu sinavale anali mwana. Mwanayo sanali wachipongwe, koma mfundo imene alembi akhala akuigwiritsa ntchito kuchokera nthawi imeneyo ili pomwepo: mwana alibe udindo woti ataye, choncho angathe kunena chimene aliyense akuchiona koma akuchiopa.

Mbali ya kupulupudza inakula padera. Ku Germany mu 1865, Wilhelm Busch anatulutsa nkhani yazithunzi ya anyamata awiri, Max ndi Moritz, amene anazunza mudzi wonse ndi misampha isanu ndi iwiri. Mathero ake ndi oopsa: anyamatawo anagayidwa pachigayo n'kudyedwa ndi abakha, ndipo m'mudzimo palibe anawalira. Nthawi imeneyo mwana wosamva ankaloledwa kuseketsa owerenga pokhapokha ngati pamapeto alandira chilango choonekeratu. Nkhaniyi ndi imene inabala The Katzenjammer Kids, tizithunzi tanthabwala ta m'nyuzipepala timene Rudolph Dirks anayambitsa ku New York mu 1897.

Zinthu zinatembenuka pakati pa zaka za m'ma 1900. Mu 1945 ku Sweden, Astrid Lindgren anatulutsa Pippi, mtsikana wa zaka 9 wokhala yekha m'nyumba ndi hatchi ndi nyani, amene amazunguza apolisi ndi aphunzitsi ndi mayankho ake, ndipo palibe amamugaya pachigayo. Akuluakulu ena a zamaphunziro kumeneko anakwiya nalo bukulo, koma ana analikonda. Mu Malichi 1951 kunachitika chodabwitsa: anyamata awiri osiyana, onse dzina lawo Dennis the Menace, anatulukira sabata imodzi, wina ku America wina ku Britain, owajambula asakudziwana n'komwe. Kenako ku Argentina kunabwera Mafalda, kamtsikana ka zaka 6 kojambulidwa ndi Quino kuyambira 1964 mpaka 1973, kamene kankapanikiza makolo ake ndi mafunso a nkhondo, ndale ndi umphawi. Apa zinaonekeratu kuti pakamwa pa mwana pakhoza kudutsa mawu amene wamkulu akanawalemba m'dzina lake akanamuika m'mavuto.

Mmene nthabwala yake imaphikidwira

Chinthu choyamba kuchikumbukira, chimene timachiiwala tikamaseka, n'chakuti mwana wa pa kanema sayankha yekha. Masewero ambiri anthabwala a ku America, aja a mphindi pafupifupi 22 oonetsa banja limodzi sabata ndi sabata, omwe amawatcha sitcom, amalembedwa ndi gulu la akuluakulu okhala m'chipinda chimodzi. Yankho limene likuoneka ngati langotuluka mwadzidzidzi m'kamwa mwa mwana wa zaka 8 limakhala litasulidwa ndi anthu angapo kwa masiku, ena akuchotsa liwu, ena akuwonjeza, mpaka litathwa.

Kapangidwe kake n'kosavuta kukazindikira ukakadziwa. Wamkulu amapatsidwa mawu odzikweza kapena olalikira, amene ntchito yake ndi kutchera msampha. Tiyerekeze bambo akuyang'ana lipoti la kusukulu n'kunena kuti: "Ine pa msinkhu wako ndinkakhala nambala wani m'kalasi." Pamakhala kachete pang'ono. Kamera imasiya bamboyo n'kupita pankhope ya mwana, amene amafunsa modekha kuti: "M'kalasimo munalipo angati, ababa?" Kamera imabwereranso kwa bambo, amene watsegula pakamwa koma mawu palibe. Nthabwala yonse yagona pa zinthu zitatu: kachete kaja, nkhope yosaseka ya mwanayo, ndi kusowa chonena kwa wamkulu. Mwanayo akanaseka yekha, zikanazizira.

Onaninso kuti m'chitsanzochi mwana sanataye ulemu wa pakamwa. Wati "munalipo", wati "ababa", koma nkhonya yafika. M'Chichewa mwano ungathe kukwana m'liwu limodzi, kungoti "iwe" pamalo pa "inu". Chingerezi chilibe kusiyanitsa kumeneku, ndiye alembi ake amafuna njira zina zoonetsera kuti mwana wadumpha mzere. Imodzi ndi kuitana kholo ndi dzina lake. Bart wa m'katuni ya The Simpsons kawirikawiri amaitana bambo ake kuti Homer, ndipo Shin-chan, kamnyamata ka zaka 5 ka m'katuni ya ku Japan, kamatchula mayi ake dzina lawo loti Misae. Kwa oonera a kumeneko, apo pokha nthabwala yayamba kale.

Chachiwiri ndi phokoso la kuseka. M'masewero ambiri, mwana akangomaliza yankho lake pamamveka khamu la anthu likuseka. Nthawi zina amakhala anthu enieni amene anaonera sewero likujambulidwa, koma nthawi zina kumakhala kuseka kojambuliratu, luso limene Charley Douglass anatchuka nalo m'zaka za m'ma 1950 ndi makina ake osungiramo mitundu yosiyanasiyana ya phwete. Kusekaku kuli ndi ntchito: kumauza woonera kuti chimene changonenedwacho si cholakwa chofuna chilango, ndi choseketsa. Mukadzapeza mpata, yesani kulingalira chiwonetsero chomwecho popanda phokosolo. Chimatsala ndi mwana wonyoza bambo ake m'chipinda chachete.

Chachitatu ndi mawu obwerezabwereza. Mwana wotere amapatsidwa kachiganizo kake kamodzi kamene amakanena pafupifupi sabata iliyonse, mpaka oonera amachita kukadikira. Eni sewero amakakonda chifukwa kamasindikizika pa malaya ndi pa zikwama. Ndi kachiganizo komweka kamene mwana wa kunyumba amayamba kukatola, popeza n'kafupi ndipo wakamva kambirimbiri.

Ndipo m'makatuni, ngakhale mawu enieniwo si a mwana. Mawu a Bart akhala akuyankhulidwa ndi mayi wina, Nancy Cartwright, kuyambira 1987. Abale awiri a m'katuni ya The Boondocks, Huey ndi Riley, onse ankayankhulidwa ndi Regina King. Khanda loyankhula ngati pulofesa la mu Family Guy limayankhulidwa ndi mwini katuniyo, Seth MacFarlane. M'mafilimu a ku Nigeria a kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Osita Iheme ndi Chinedu Ikedieze anatchuka posewera ngati tiana tovuta pomwe anali anthu akuluakulu. Kulikonse kumene mungayang'ane, mupeza mutu wa wamkulu utabisala m'thupi la mwana.

Timasekeranji?

Akatswiri ofufuza za nthabwala ali ndi mafotokozedwe angapo, ndipo awiri akugwirizana bwino ndi mwana ameneyu. Koyamba, timaseka zinthu ziwiri zosayenderana zikakumana: kathupi kakang'ono ndi mawu a munthu wokhwima. Kachiwiri ndi kamene Peter McGraw ndi Caleb Warren anakafotokoza mu 2010, kuti nthabwala imabadwa pamene lamulo laswedwa koma woonera akuona kuti palibe amene wavulala. Mwana kuyankha bambo ake mwachipongwe ndi kuswa lamulo. Koma poti ndi mwana wa eni, wa pa kanema, ndipo tikudziwa kuti pofika mapeto a sewero akhala atakumbatirana, kuswako sikutiluma.

Izi zikufotokozanso chifukwa chake mayi a kamtsikana kaja anaseka kenako n'kukwiya. Mphindi yoyamba anaona ngati woonera. Mphindi yachiwiri anakumbukira kuti bambo wosowa chonena wa m'sewero uja tsopano ndi iwowo.

Palinso chikoka china chakale kwambiri, chomwe chimatikondetsa Kalulu akapusitsa Njovu. Wamng'ono wopanda mphamvu akagonjetsa wamkulu ndi nzeru zokha, mtima umakhala pansi. Ana amaonera n'kulakalaka akanakhala olimba mtima choncho. Akuluakulu nawo amaonera n'kukumbukira mayankho onse amene anawameza pamaso pa abwana awo.

Pamene katuni inabweza mawu kwa pulezidenti

Palibe mwana wopeka amene anautsa mapiri pachigwa kuposa Bart Simpson. The Simpsons inayamba kuonetsedwa ngati pulogalamu yoima payokha pa wailesi ya kanema ya Fox ku America mu Disembala 1989. Woiyambitsa, Matt Groening, anatcha ena a m'banjamo maina a abale ake enieni, koma dzina la Bart analipanga posinthanitsa zilembo za liwu lachingerezi lotanthauza mwana wosalangika. Pofika 1990, sukulu zina ku America zinali zitaletsa malaya okhala ndi chithunzi chake, makamaka aja olembedwa mawu onyadira kulephera m'kalasi.

Mu Januwale 1992, Pulezidenti George H. W. Bush ananena pa msonkhano kuti akufuna mabanja a ku America afanane ndi a Walton, banja laulemu la m'sewero lina lakale lonena za nthawi ya mavuto azachuma a m'ma 1930, osati a Simpson. Patangopita masiku ochepa, opanga katuniyo anaika kagawo koonetsa banja la Simpson likuonera mawu a pulezidentiwo pa TV, Bart n'kuyankha kuti iwonso ndi ofanana ndi a Walton, poti nawonso akupempherera kuti mavuto azachuma athe. Linali yankho la alembi akuluakulu kwa mtsogoleri wa dziko pa nthawi imene chuma sichinkayenda bwino, koma analidutsitsa pakamwa pa mnyamata wa zaka 10. Pofika 1998, magazini ya Time inaika Bart pa mndandanda wa anthu 100 ofunika kwambiri a zaka za m'ma 1900.

Mikangano yofanana inachitika kwina. Shin-chan anachotsedwa pa kanema ku India mu 2008 makolo atadandaula, n'kubwereranso chaka chotsatira zina zitadulidwa. Mabuku a Junie B. Jones, kamtsikana kolongolola ka Barbara Park, ali pa mndandanda wa bungwe la American Library Association wa mabuku amene anthu anapempha kwambiri kuti achotsedwe m'malaibulale pakati pa 2000 ndi 2009.

Kodi ana amatengeradi?

Kuti ana amatsanzira zimene aona, palibe amatsutsa. Kafukufuku amene amatchulidwa kwambiri ndi wa Albert Bandura wa ku yunivesite ya Stanford, amene kuyambira 1961 ankaonetsa ana a msinkhu wa kumkaka munthu wamkulu akumenya chidole chachikulu chopopedwa mpweya. Ana ambiri atasiyidwa ndi chidolecho anachimenya chimodzimodzi. Koma gawo la mu 1965 ndi limene likukhudza nkhani yathu. Ana ena anaona womenyayo akupatsidwa mphoto, ena anamuona akudzudzulidwa, ena sanaone chotsatira chilichonse. Amene anaona chidzudzulo anatsanzira mochepa. Komabe onse atalonjezedwa kamphatso kuti aonetse zimene anaona, anazichita mofanana. Tanthauzo lake n'lakuti onse anaphunzira, koma chimene chinasiyanitsa kuchita ndi kusachita chinali zimene anaona zikutsatira. Kafukufukuyu anali wa kumenya chidole, osati wa mayankho a pakamwa, koma amene amadera nkhawa masewerowa amaloza pomwepa: pa kanema, chotsatira cha mwano ndi khamu kuseka.

Palinso nkhani ya msinkhu. Ofufuza monga Penny Pexman wa ku Canada anapeza kuti ana amayamba kuzindikira kunyogodola, kuja kunena china ukutanthauza china, ali ndi zaka pafupifupi 5 kapena 6, koma kumva kukoma kwa nthabwala yake kumabwera pambuyo pake. Ndiye kamwana kakang'ono kangathe kutola kapendekedwe ka mutu ndi kamvekedwe ka mawu kasanamvetse kuti yankholo likuluma pati. Kamangodziwa kuti likanenedwa anthu amaseka.

A mbali inayo ali ndi mfundo zawonso. Amati kuyesa malire ndi gawo la kukula, ndipo mwana amene sanaonepo katuni amafikabe pa msinkhu wotsutsa. Amatinso nkhani ngati za Pippi ndi Mafalda zimaonetsa ana kuti kufunsa mafunso si tchimo, ndipo mwana wodziwa kukana amakhala wovuta kumupondereza. Ena amawonjeza kuti ana amasiyanitsa za pa kanema ndi za kunyumba msanga kuposa mmene akuluakulu amaganizira, makamaka kholo likakhala pafupi n'kumacheza nawo za zimene akuonazo.

Yankho lomwelo silimalandiridwa mofanana kwa mwana aliyense. Ku America, liwu lija loti sassy limamatidwa kwambiri pa atsikana, makamaka akuda, ndipo masewero akhala akubwereza chithunzi chimenechi kwa zaka zambiri. Lipoti la sukulu ya zamalamulo ya Georgetown la mu 2017 linapeza kuti akuluakulu kumeneko amaona atsikana akuda ngati okhwima msanga ndiponso osafunika kutetezedwa kwambiri poyerekeza ndi anzawo achizungu, kuyambira ali ndi zaka 5. Chimene pa kanema chikuomberedwa m'manja chikhoza kumuika mtsikana weniweni pa chilango kusukulu.

Mwana weniweni kuseri kwa kamera

Bart sakula ndipo satopa. Ana enieni osewera mbali zimenezi amakula. Gary Coleman anali ndi zaka 10 pamene sewero la Diff'rent Strokes linayamba mu 1978, iye akusewera ngati Arnold, kamnyamata kachikuda ka ku Harlem, mumzinda wa New York, kotengedwa ndi bambo wolemera wachizungu. Matenda a impso anamulepheretsa kutalika, choncho anapitiriza kuoneka ngati kamwana mpaka seweroli litatha mu 1986. Kachiganizo kake kobwerezabwereza kanamutsatira moyo wake wonse, anthu akumukakamiza kukanena ngakhale ali bambo wamkulu. Mu 1989 anasumira makolo ake ndi mlangizi wake wakale pa nkhani ya ndalama, ndipo mu 1993 khoti linamupatsa madola pafupifupi 1.3 miliyoni. Anamwalira mu 2010 ali ndi zaka 42.

Vutoli silinayambe ndi iye. Jackie Coogan, amene anatchuka ali kamwana mufilimu ya Charlie Chaplin mu 1921, atakula anapeza kuti mayi ake ndi bambo ake omupeza adya pafupifupi zonse. Mlandu wake unachititsa kuti dera la California ku America likhazikitse lamulo mu 1939, ndipo monga lilili lero limalamula kuti magawo 15 pa 100 alionse a malipiro a mwana asungidwe mpaka atakula.

Masiku ano mwana wobweza mawu wasamukira pa foni. Emmanuella wa ku Nigeria anatchuka ali wamng'ono kwambiri m'timasewero tatifupi ta Mark Angel Comedy pa YouTube, akuzunguza akuluakulu ndi mayankho ake. Pambali pa magulu okhazikika ngati amenewo pali mabanja osawerengeka pa TikTok ndi Facebook amene amajambula ana awo enieni akuyankha mwachipongwe. Apa mlembi, wojambula, wolandira ndalama ndi kholo loyenera kulangiza amakhala munthu mmodzi, ndipo woonera sangadziwe ngati yankholo linangotuluka kapena mwana analiyeserera kakhumi foni isanayatsidwe.

Malamulo ayamba kutsatira pang'onopang'ono. M'dera la Illinois ku America, kuyambira pa 1 Julayi 2024, mwana wosakwana zaka 16 amene amaoneka kwambiri m'mavidiyo opezetsa ndalama ayenera kusungiridwa gawo lake. France inatsogola mu 2020 ndi lamulo loteteza nthawi yogwira ntchito ndi malipiro a ana otere. Lamulo lomwelo limalolanso mwana kupempha yekha, popanda chilolezo cha makolo, kuti mavidiyo ake achotsedwe pa intaneti.